Kuchotsa Kabwata

Lolemba

Sabata yomaliza ya miyezi itatu yondiyesa pantchito. Lachisanu kalata!

Ba Chanda, manejala wathu, andiitana ndisanaike n'komwe chikwama pansi. Atsegula dilowa, andionetsa ngodya ya envelopu, atsekanso. "Ba Aiti, kalata yanu ni iyi, yasala chabe kusaina. Munakamba pa intavyu ati maseva sikisi yachulukisa, yatatu yakwana. Pa Chisanu nifuna kuona yatatu."

Ndinanenadi. Tsiku la intavyu munthu umanena chilichonse. Ndinanenanso kuti ndimakonda kugwira ntchito mopanikizidwa, mwamwayi chimenecho aiwala.

Pano aliyense amanditchula ba Aiti chifukwa ndine wa makompyuta. Dzina langa lenileni amalidziwa ndi mlonda wa pageti yekha, poti amalilemba m'buku m'mawa uliwonse.

Kalatayi kwa ine si pepala wamba. Chisomo, mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, ali ku Katete ndi amayi. Ndinamulonjeza kuti akangondilemba ntchito yokhazikika ndikamutenga, tizikhala limodzi kuno ku Chelstone. Ntchito yoyesedwa sungaitengere mwana, mawa lomwe akhoza kukuuza kuti zikomo, pitani bwino. Sukulu ndamuonera kale, ili pafupi ndi msika.

Kuti ndisasokonezeke, ndilembe momwe zinthu zilili:

- Kampani yathu imagulitsa masipeya a galimoto. Ofesi ili m'tauni, mashopu ali ku Kabwata, ku Makeni ndi ku Chelstone.
- Makaniko akafika pakauntala, wogulitsa amalemba dzina la sipeya pakompyuta, kompyuta n'kumuuza shopu ndi shelefu pamene ili.
- Ntchito yofufuzayo amaigwira ndi maseva sikisi amene timachita lendi kumtambo. Kumtamboko si kumwamba ayi, ndi nyumba ya kampani ina kutsidya kwa nyanja. Sindinawaonepo ndi maso, ndimangowalamula pa intaneti.
- Mndandanda wa masipeya anaudula zidutswazidutswa, seva iliyonse inasenza zake. Chidutswa chilichonse chili pawiri, kuti seva ina ikagwa inzake iyankhe.
- Zonse zikakhala bwino, pakompyuta panga pamayaka chobiriwira. Zikayamba kuvuta, chachikasu. Chofiira ndiye maliro. Maloboti a pamsewu basi.

Maina a maseva anapereka ndi ba Kelvin, amene ndinalowa m'malo mwawo atapeza ntchito kumigodi ku Solwezi. M'malo mwa manambala iwo anasankha madera a mu Lusaka. Atatu aakulu, atsopano: Kabulonga, Woodlands, Avondale. Atatu aang'ono, okalamba: Kabwata, Makeni, Chelstone. Munthu wanthabwala ameneyu. Za Chelstonezo zandiwawa pang'ono.

Kuchotsa seva kuli ngati kusamuka nyumba. Suyamba ndi kuzula chitseko. Umaiuza kuti isamutsire katundu wake kwa zinzake, umadikira, umasuzumira ngati mwatsala kanthu, ukaona kuti muli mbee ndiye umazimitsa. Mwana wa giredi seveni akhoza!

Masana ndalemba pulani pabolodi loyera la m'chipinda cha misonkhano, zilembo zikuluzikulu, kuti ba Chanda aone kuti analemba munthu wadongosolo:

KUCHOTSA
Lachiwiri: Kabwata. Yakalamba, imachedwa.
Lachitatu: Makeni.
Lachinayi: Chelstone.
OTSALA: Kabulonga, Woodlands, Avondale.
Ogwira ntchito m'mashopu asazindikire kanthu mpaka zitatha.

Mawu omalizawo ndawalembera mizere iwiri kunsi. Ndiwo ulemu wa ntchito yathu: ukasamutsa bwino, wogulitsa pakauntala saona kusintha kulikonse.

Ba Chanda anyamuka 3 koloko kupita ku Nakonde kukaombola katundu pamalire, abwera Lachisanu. Bolodi sanaliyang'ane n'komwe. Aliyang'ana ndi ba Bupe, a pa risepushoni, pobwera kudzatenga makapu. Aima nthawi yaitali ndithu. Mpaka ajambula ndi foni! Anthu ayamba kuyamikira ntchito yanga.

Lachiwiri

Minibasi lero yadzaza msanga, ndakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, bondo langa silikugunda chidebe cha munthu. Tsiku layamba bwino!

8 koloko: ndalamula Kabwata kuti isamuke. Zidutswa zikuyenda chimodzichimodzi kupita ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Chobiriwira. Ine ndangokhala, manja pachibwano, kumwetulira ngati mayi woonerera ana akudya.

Zachilendo mu ofesi:

- Ba Bupe sanandiyankhe moni. Angoti "hmm".
- Zitumbuwa za 10 koloko zadutsa pa desiki panga osaima.
- Ba Sakala, dalaivala wa lole yathu, andiyang'ana n'kupukusa mutu. "Nkhope monga ya mu kwaya, kansi!" Atuluka.

Mwina ndi nsanje. Amva za kalata.

11 koloko foni ya pa desiki yalira. Ba Mwale, akulu a shopu ya ku Kabwata, bambo aulemu, mutu uli mbuu ndi imvi, amene tsiku langa loyamba anandipatsa mpando wawo iwo n'kukhala pa bokosi la mabatire. "Mwana wanga, niuze chabe zoona. Za Kabwata izi n'zoona?"

Ndasangalala kuti mpaka akuluakulu akutsatira nkhani za maseva. Ndawafotokozera bwinobwino: inde n'zoona, tayamba kale lero m'mawa, Kabwata yakalamba ndipo imachedwa kuyankha, katundu wake yense akupita ku Kabulonga, pofika madzulo mukhala mbee, kenako tizimitsa. Ndawonjeza kuti asadandaule, palibe amene adzaisowe.

Kenako: "Zaka naintini, mwana wanga." Adula.

Zaka naintini? Seva ija ili ndi zaka zinayi zokha. Akuluakulu ndi makompyuta!

Nkhomaliro ndadya ndekha pa lesitilanti ya kuseri kwa ofesi. Mayi wogulitsa wandiikira kanyama kamodzi, fupa lokhalokha, ndipo wandiyang'ana ngati ndamupondera mwana. Mlamu wake amagwira ku shopu yathu ya ku Makeni, koma sindikuona kugwirizana kwake.

2 koloko: zidutswa zonse zachoka mu Kabwata kupatula chimodzi. Kachidutswa kakang'ono, dzina lake "mawu". Kakhala pomwepo.

3 koloko: kakadali pomwepo.

4 koloko: ndakalamula kachiwiri, mwaulemu. Kakana.

Hafu pasiti 4: ndakalamula mopanda ulemu. Kompyuta siimva chipongwe.

Palibe vuto. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa m'mawa ndikapeza katasamuka kokha.

Pobwerera, mayi wina wa ku shopu yathu ya ku Chelstone wakwera minibasi, wandiona, watsika n'kukakwera ina.

Lachitatu

Mayo ine! Mayo ine mayo!

Ndafika pa ofesi ndapeza ba Mwale atakhala pabenchi la pa risepushoni. Suti yakuda, tayi, nsapato zopukuta. Pamiyendo agwirizira satifiketi ya mu felemu yowayamikira pa ntchito. Pambali pawo akazi awo, chitenje cha azimayi a kutchalitchi, Baibulo m'manja. Kumbuyo kwawo anthu anayi a ku Makeni. Shopu ya ku Makeni atseka, kiyi ali m'thumba mwa mmodzi wa iwo.

Ndafunsa ba Bupe ngati kwagwa maliro. "Mufunsa ine? Si ndimwe munalemba pa bolodi?" Andionetsa foni.

Chithunzi cha bolodi langa chili pa gulu la pafoni la ogwira ntchito. Gulu limene ine sindilimo, chifukwa amalowetsamo okhawo amene analandira kalata. Kuyambira Lolemba madzulo, mauthenga mbwee. Ndawerengako ochepa:

"Basala chabe ba apamwamba, Kabulonga na Woodlands."

"Ati yakalamba, ichedwa. Bakamba ba Mwale apa."

"Ndiye chifukwa ba Chanda bathawila ku Nakonde."

"Kamukazi aka kanabwela na mpeni mu handibagi."

Pamenepo ndakumbukira zimene ndinauza ba Mwale dzulo pafoni. Katundu yense ku Kabulonga. Palibe amene adzaisowe. Manyazi ake, ndasowa poika nkhope.

Ndawalowetsa onse m'chipinda cha misonkhano. Ndatenga makapu sikisi a tiyi, ndawandandalika patebulo, kapu iliyonse ndaipatsa dzina. Ndathira madzi mu Kabwata, ndawatsanulira mu Kabulonga. Ndalumbira kuti awa ndi maina a makompyuta chabe, shopu siitsekedwa, munthu sachotsedwa, ndipo ku Kabulongako tilibe n'komwe shopu. Ndagwada pamaso pa ba Mwale ndi akazi awo kupepesa. Siketi yanga yabwino ija, pansi posasesa.

Akazi a ba Mwale ayang'anitsitsa kapu yopanda kanthu ija. "Manje iyi kapu muzaitaya?" Ndati tiibweza kwa eni ake. Sanakhutire.

Ba Mwale andidzutsa ndi manja awiri. Ati zamveka, koma akufuna kuzimva kuchokera pakamwa pa ba Chanda. Foni ya ba Chanda siikupezeka. A ku Makeni abwerera kukatsegula shopu, akuyenda chocheuka.

Ndimati zatha. Ba Sakala, amene amakhala ku Matero, akweza dzanja. "Ba Aiti, naona Kabwata, naona Makeni. Nanga Matero ilibe kapu chifukwa chani? Ise sitili mu Lusaka?" Anthu atatu avomera ndi mitu. Mkulu wina wa ku Chawama nayenso wayamba kutsokomola.

Atatuluka ndati ndifufute bolodi. Inki yakana kuchoka. Ndinalemba ndi cholembera chosafufutika! Ndalitembenuzira kukhoma.

Tsopano ntchito yeniyeni:

- Kachidutswa kaja kakadali mu Kabwata. Nkhono ija maso siikuonetsa.
- Ndaimbira ba Kelvin ku Solwezi. Kumbuyo kwawo chimakina chikubangula. Ndamva mawu atatu okha: "osakhudza", "Kabwata", "mawu". Foni yaduka.
- Kwatsala mawa lokha, maseva akadali sikisi.
- Poti nthawi yatha, ndalamula Makeni kuti nayo iyambe kusamuka, Kabwata isanamalize. Buku limati imodziimodzi. Bukulo lilibe mwana ku Katete.

5 koloko: Makeni yasamutsa zonse kupatula chimodzi. Kachidutswa komweko, "mawu", kanzake ka kaja ka mu Kabwata. Koma abale!

Lachinayi

Nzeru zandibwerera ndikusamba. Kachidutswa kaja kali pawiri, mu Kabwata ndi mu Makeni. Ndikazimitsa Kabwata, Makeni iziyankha. Basi! Ndiye chifukwa chake anandilemba ntchito anthu awa.

9 koloko: ndazimitsa Kabwata. Maseva faifi! Ndaimirira, ndavina pang'ono pafupi ndi makina osindikizira, palibe waona.

9:05: chachikasu. N'zoyembekezeka.

9:10: ndazindikira kuti Kabwata ndiyo inali tcheyamani. Maseva amasankhana mtsogoleri, ndipo pa onse sikisi anasankha nkhalamba ija. Tsopano otsalawo akuchita chisankho. Woodlands ikufuna mpando, Kabulonga ikufuna mpando. Ngakhale makompyuta, anthuni!

9:20: apambana a Woodlands. Choyamba kuchita atakhala pampando, alengeza kuti Avondale yadzaza, siilandiranso kanthu. Katundu wa maseva awiri ndinangomuunjika pa anzawo osayeza malo. Avondale ndi dzina chabe, zipinda zake n'zochepa.

9:40: mafunso a mashopu onse atatu akugwera Makeni yokha, poti ndiyo yatsala ndi kachidutswa kaja. Makeni ili wefuwefu.

9:50: Makeni yagwa. CHOFIIRA.

Foni zonse zikulira pamodzi. Ku Chelstone amakaniko asanu ali pakauntala, wina wanyamula chitsulo chodontha oilo ndipo wachiika pa buku la maoda. Ku Makeni woyendetsa minibasi akuti apasenjala ake akadali m'galimoto panja, ayamba kuitanitsa ndalama zawo. Ba Bupe aima pakhomo panga, manja m'chiuno. "Ati sitizazindikila kanthu."

Ndayatsanso Kabwata. Ikudzuka pang'onopang'ono, mwachionekere yanyanyala.

Ndiye ba Kelvin aimba okha, lero ali pamalo opanda phokoso, akuseka mpaka kutsamwa. Kachidutswa ka "mawu" kamadalira mndandanda wa maina amene amakaniko amatchulira masipeya. Makaniko sanena dzina la m'buku. Amati "shokapu", "kamwendo ka kutsogolo", "kaja kozungulila", "chija chimalila pa hampu". Ba Kelvin anakhala milungu ingapo pakauntala ya ku Kabwata akulemba mawu amenewa kuchokera pakamwa pa ba Mwale, n'kuika fayilo yake pamanja mu Kabwata ndi mu Makeni mokha. Maseva aakulu aja alibe. Sadziwa Chinyanja cha pagalaja, n'chifukwa chake kachidutswa kamakana kupita kumeneko. "Nenze nifuna kulemba pa pepala, naiwala."

Naiwala! Munthu ali ku Solwezi, akuti naiwala!

Pamene ine ndikutuluka thukuta, mashopu apeza njira yawo. Onse akuimbira ba Mwale. Bambo aja aima pakauntala ku Kabwata, foni kukhutu uku, ina kukhutu uko, akuyankha za pamtima: ku Makeni shelefu yachitatu pansi, kuseri kwa mabatire, ku Chelstone zatsala ziwiri, imodzi bokosi lake n'long'ambika. Kwa maola atatu kampani yonse ikufufuza m'mutu mwa munthu mmodzi, yemwe uja gulu linkati ndamunena kuti wakalamba, amachedwa. A ku Makeni akuti sanalakwitse ngakhale kamodzi. Ndawanyadira, ndipo manyazi andigwiranso.

1 koloko: Kabwata ndi Makeni zadzuka, koma Avondale ikadali yodzaza, mashopu sangathe kulowetsa katundu watsopano. Kubwezera zidutswa mu nkhalamba ziwirizi lero lomwe n'kuzigwetsanso. Njira yachangu ndi imodzi: kuchita lendi seva ina kuti ipepuze zinzake. Kwa kanthawi chabe. Kwa kanthawi!

Kompyuta ikufunsa dzina la seva yatsopano. Ndikufuna kulemba nambala. Kumbuyo kwanga kwaima ba Sakala, makiyi a lole akulira m'manja. Angoima.

Ndalemba: Matero.

3 koloko: chobiriwira. Ba Sakala ajambula sikirini, atumiza ku gulu. Ndikumva ba Bupe akuwerenga mayankho mokweza, anthu a ku Matero akuthokoza Mulungu.

Maseva seveni. Mawa Lachisanu.

Lachisanu

Ndavala bulauzi yoyera. Munthu ukamapita kukaweruzidwa uzioneka bwino.

Ba Chanda afika 9 koloko, maso ofiira ndi ulendo wa basi, foni yodzaza mauthenga. Asanakhale pansi ba Bupe awatembenuzira bolodi. Awerenga. Awerenganso. Avula magalasi.

Msonkhano wa onse. Ba Mwale abweranso ndi suti ija, lero opanda satifiketi. Ba Chanda alumbira kuti sanaganizepo zotseka shopu ngakhale m'maloto. Anthu ati pakamwa pamaiwala, pepala siliiwala. Ba Chanda akhala pansi pomwepo, alemba, asaina, adinda chidindo:

"Kampani ikutsimikizira onse kuti Kabwata, Makeni ndi Chelstone sizidzachotsedwa."

Ba Sakala atsokomola. Ba Chanda awonjeza ndi bolopeni: "ndi Matero." Ku Matero tilibe shopu. Palibe wafunsa.

Anthu aomba m'manja. Ba Bupe apachika pepalalo pa risepushoni ndi mapini anayi, abwerera m'mbuyo kuona ngati lawongoka.

Ndanong'oneza ba Chanda kuti pepalali likunena za mashopu, maseva ndi nkhani ina. Ayankha osandiyang'ana: "Ba Aiti, mukachosa chilichonse chili na dzina pa pepala ija, muzayenda mweka kukafotokoza ku Kabwata." Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndaganiza msanga. Nanga nditasintha maina, akhale manambala, kenako n'kuchotsa manambalawo? Ndanena motsitsa mawu kwambiri, koma ba Bupe amamva ngakhale nyerere ikuyenda. "Mwamvela? Manje bafuna kutichosa mwakabisila, na manambala!" Ndabweza mawu anga.

Nanga kuchotsa zikuluzikulu zija? Palibe angavale suti chifukwa cha Kabulonga. Koma ndizo zasenza katundu yense, zing'onozing'ono sizingakwanitse. Ndiponso ba Chanda amakhala ku Woodlands.

11 koloko, mu ofesi mwawo, awiriwiri.

"Tinali na yangati?" Sikisi.

"Munakamba yangati?" Atatu.

"Manje ni yangati?"

Ndayang'ana kalendala ya pakhoma, ndayang'ana nsapato zanga. Seveni.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Aseka pang'ono, apukuta magalasi, ati chiyambire kampani sanaonepo munthu wochepetsa chinthu mpaka kuchichulukitsa. Dzanja lawo lafika pa dilowa, lagwira chogwirira, labwerera kukatenga kapu ya tiyi. Ati andiuza mawa. Ndatuluka ndikuganiza za Chisomo.

Masana ndakopera fayilo ya mawu a pagalaja m'maseva onse seveni, ndalemba papepala momwe zilili, ndamata pakhoma. Tsopano ngakhale Kabulonga ikudziwa "chija chimalila pa hampu". Ntchito ya mphindi makumi awiri. Ndikanaidziwa Lolemba, bwenzi... Basi, ndisaganize.

Pa desiki panga ndapezapo zitumbuwa ziwiri m'kapepala. Ba Bupe akuti sakudziwa waika.

Loweruka

Kuchapa. Madzi abwera mochedwa, ndaima pampopi kudikira akazi a landilodi amalize mabulangeti awo onse.

10 koloko lole ya kampani yaima pageti. Anthu a m'yadi onse atuluka. Ba Sakala atsika atanyamula nkhuku yamoyo, yakumudzi, thadzi lamawangamawanga, miyendo yomanga ndi kansalu. Yachokera kwa ba Mwale ndi akazi awo. "Bati zikomo populumusa Kabwata."

Ndayesa kufotokoza kuti sindinapulumutse kanthu, ndinangolephera. Ba Sakala ati kulephera kwina kumachokera kwa Mulungu. Afunsanso ngati Matero yagona bwino. Ndawaonetsa pafoni, chobiriwira. Aiyang'ana ngati dzina la mwana wawo latuluka pa mndandanda wa opambana mayeso. Pokwera lole ati mkulu wa ku Chawama uja akuti ndimukumbukire.

Nkhuku ndaimangirira ku mtengo wa gwafa. Yandijomphera sopo.

12 koloko uthenga wa ba Chanda. Waufupi. Awonjezera miyezi ina itatu yondiyesa. Ati makina ndikuwadziwa, chatsala ndiphunzire anthu. Ati cholinga chikadali chomwecho, maseva atatu, koma osakhudza Kabwata, Makeni, Chelstone ndi Matero, komanso osavutitsa aakulu aja. Ndawerenga katatu. Seveni, osachotsapo kanthu, yankho likhale atatu. Masamu amenewa ku koleji sitinaphunzire.

Ndalira pang'ono kuseri kwa mashiti oyanika, kuti akazi a landilodi asaone. Kenako ndatsiriza kuchapa, poti madzi a ku Chelstone sadikira munthu.

Lamlungu

Kutchalitchi ulaliki wa nkhosa yotayika. Mbusa wabwino salola kuti ichoke ngakhale imodzi. Anthu onse ameni, ine ndangoyang'ana kudenga.

Ndabwerako, ndayang'ana pafoni. Chobiriwira, onse seveni, ali phee.

Amene ali ndi pepala losainidwa kuti sachotsedwa:

- ba Mwale, ndipo n'koyenera
- a ku Makeni
- a ku Chelstone
- maseva atatu okalamba
- Matero, ya masiku atatu

Amene alibe: ine. Pa kampani yonse, chimene angachichotse popanda kuitanitsa msonkhano ndine ndekha. Ndaseka m'chipinda ndekhandekha mpaka akazi a landilodi afunsa ngati kwabwera alendo.

Ndanola mpeni, ndateleka madzi. Nkhuku ija tidye basi, zinazo tiziona. Madzi asanawire ndaimba ku Katete. Amayi ati Mulungu sachedwa, n'kupereka foni kwa Chisomo. Ndamuuza kuti sabwera mwezi uno, adikire miyezi ina itatu. Zandiwawa kwambiri. Ndiye nkhuku yalira panja.

"Amama, kuli nkhuku kumeneko? Ndi yathu?"

Ndati ndi yathu.

"Musaiphe. Ndidzaipeze."

Ndalonjeza. Madzi aja ndapangira tiyi, mpeni ndabwezera pamalo pake. Ndiye kuti nayo nkhuku siichotsedwa.

Ndikupita kumsika kukaigulira gaga wokwanira miyezi itatu.